Chikalata chilipo koma sichikutuluka: kuthetsa mavuto osaka ndi AND, OR ndi NOT mu ofesi ya maloya

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'maofesi a maloya ndi m'nthambi zoona za malamulo m'makampani ndi lakuti chikalata chimene aliyense akudziwa kuti chinasungidwa sichikutuluka pochisaka, kapena kuti pofuna makalata awiri okha kompyuta ikukhuthula zikalata mazanamazana zimene palibe angazimalize tsiku lokaonekera kukhoti lisanafike. Zikatere ambiri amafulumira kunena kuti pulogalamu yawonongeka, ndipo kalaliki amatumidwa kuti atsegule foda iliyonse payokhapayokha mpaka dzuwa kulowa. Komatu nthawi zambiri pulogalamuyo imakhala itachita ndendende zimene yauzidwa. Vuto limakhala loti mwina chikalatacho sichili m'gulu la zimene pulogalamu imatha kuwerenga, mwina pulogalamu yamva funso lanu mosiyana ndi mmene munaliganizira, kapenanso amene analemba chikalatacho anagwiritsa ntchito mawu ena osati amene inu mwalemba. Pofufuza ndi bwino kuyambira pa choyambacho, chifukwa kulimbana ndi funso kwa ola lathunthu pamene chikalata chofunidwacho ndi chithunzi chabe n'kudzivutitsa pachabe.

Kasakidwe kogwiritsa ntchito AND, OR ndi NOT kamadziwika ndi dzina la George Boole, katswiri wa masamu wa ku England amene ankaphunzitsa ku Cork m'dziko la Ireland, ndipo anamwalira mu 1864 makompyuta asanabwere. AND amafuna kuti mawu onse awiri apezeke m'chikalata chimodzi, OR amakhutira ndi limodzi mwa awiriwo, pamene NOT amachotsa chikalata chilichonse chimene chili ndi liwu lotsatiralo. Msampha woyamba uli pomwepa. Loya akauza kalaliki kuti amupezere makalata a kubanki ndi a inshuwalansi, kalalikiyo amalemba AND pakati pa mawu awiriwo poti m'kulankhula kwathu kuphatikiza zinthu n'kuwonjezera, pamene kwa kompyuta AND amachepetsa, ndipo imangotulutsa makalata ochepa amene akutchula banki ndi inshuwalansi pamodzi. Chimene loyayo amafuna chinali OR.

Yambani ndi chikalata chimene mukuchidziwa

Musanasinthe chilichonse pa funso lanu, pezani chikalata chimodzi chimene mukutsimikiza kuti chimayenera kutuluka, muchitsegule, musankhemo liwu limodzi losapezekapezeka monga dzina la kampani kapena la mudzi, kenako musake liwu lokhalo popanda AND, OR kapena chizindikiro china chilichonse. Chikatuluka, ndiye kuti vuto lili pa funso. Chikapanda kutuluka, funsolo lilibe mlandu.

Mapulogalamu osungira zikalata monga iManage, NetDocuments ndi SharePoint, ngakhalenso Relativity imene imagwiritsidwa ntchito posanthula zikalata za umboni, satsegula chikalata chilichonse pa nthawi imene mukusaka. Amayang'ana mu index, umene ndi mndandanda wa mawu onse amene pulogalamu inawatola m'zikalata pamene zinkasungidwa, ndipo liwu limene silinalowe m'mndandandawo silingatuluke ngakhale mutalemba funso labwino chotani. Chimene chimalepheretsa kwambiri ndi zikalata zojambulidwa pa sikana. Kalata yosainidwa, yodindidwa chidindo n'kujambulidwa kukhala PDF, imaoneka ngati zolemba kwa munthu, koma kwa kompyuta ndi chithunzi chosasiyana ndi cha paukwati. Kuti mudziwe, tsegulani PDF ija, muyese kusankha liwu limodzi ndi mausi kapena kulisaka ndi Ctrl+F. Ngati tsamba lonse likusankhika pamodzi kapena palibe chikupezeka, chikalatacho chikufunika kudutsa mu OCR, pulogalamu imene imazindikira zilembo pa chithunzi n'kuzisandutsa mawu osakika.

OCR nayo si yodalirika kotheratu, makamaka pa zikalata zimene zadzaza m'mafayilo akale a kwathu kuno: zigamulo zotayipidwa pa taipi, makope a kaboni, mapepala ofotokopedwa kachitatu, ndi masamba amene chidindo chinagwera pamwamba pa dzina. Zilembo r ndi n zikayandikana zimawerengedwa ngati m, chilembo l chimasanduka nambala 1, ndipo O amasanduka 0, kotero kuti nambala ya mlandu imene maso anu akuiona bwinobwino ikhoza kukhala yosiyana mu index. Zolemba pamanja nthawi zambiri sizizindikirika n'komwe. Njira yoonera zimene kompyuta inawerengadi ndi kukopera ndime imodzi kuchokera mu PDF n'kuimata mu Notepad, ndipo mukaona zilembo zosokonekera mudziwe kuti chikalatacho muchipeza kudzera pa dzina la fayilo, nambala ya kasitomala kapena tsiku limene chinasungidwa, osati pa mawu a m'kati mwake.

Pali zifukwa zina zimene sizitenga nthawi kuziona. Chikalata chimene changosungidwa kumene chimatha kuchedwa kulowa mu index. Fayilo yotsekedwa ndi pasiwedi siwerengeka, ndipo mapulogalamu ena satsegula mafayilo a zip kapena zikalata zophatikizidwa ku imelo. Zikalata zazitali kwambiri zimawerengedwa mbali yoyamba yokha, mwachitsanzo SharePoint imalekeza ikafika pa zilembo 2 miliyoni za chikalata chimodzi. Mapulogalamu ambiri amasaka m'kope latsopano lokha la chikalata pokhapokha mutawauza kuti aonenso makope akale, zimene zikutanthauza kuti ndime imene inachotsedwa pokambirana mgwirizano situluka. Onaninso ngati simunasiye malire a tsiku, a mtundu wa chikalata kapena a mlandu wina amene munaika posaka dzulo, komanso ngati mukusaka m'mawu a m'kati mwa zikalata kapena m'maina ndi m'mafotokozedwe ake okha. Chomaliza ndi chilolezo: pulogalamu imakuonetsani zokhazo zimene mukuloledwa kuona, ndipo sikuuzani kuti yabisa kanthu. Ngati mnzanu akupeza zikalata 40 pa funso limene inu mukupezapo 12, funsani kaye amene amayang'anira pulogalamuyo ngati simunatsekeredwe kunja kwa mlandu winawake, zimene maofesi a maloya amachita dala pamene akuimira anthu amene zofuna zawo zikutsutsana.

Mmene pulogalamu yamvera funso lanu

Apa ndi pamene pagona vuto lalikulu, ndipo limakula chifukwa loya amazolowera pulogalamu imodzi n'kupita ndi chizolowezicho ku ina. Taganizirani za munthu amene walemba mawu awiri, unfair ndi dismissal, atangosiya mpata pakati pawo. Mu Westlaw, pulogalamu yosakira zigamulo ndi malamulo, posaka m'njira yake ya Terms and Connectors, mpata umenewo umatanthauza OR. Mu SharePoint umatanthauza AND. Mu dtSearch, pulogalamu yosakira imene imapezeka m'kati mwa Relativity, mawu awiriwo amatengedwa ngati ofunika kutsatizana momwemo. Funso ndi limodzi, mayankho atatu, ndipo palibe pulogalamu imene imachenjeza kuti yamva mwa njira yakeyake. Mankhwala ake ndi kusasiya mpata kuti ukulankhulireni: ngati mukufuna mawu otsatizana muwaike m'mitengero, ndipo ngati mukufuna AND kapena OR mumulembe.

Mumulembenso ndi zilembo zazikulu. SharePoint ndi mapulogalamu ambiri omangidwa pa pulogalamu yosakira yotchedwa Lucene amazindikira AND, OR ndi NOT akakhala a zilembo zazikulu basi, ndipo a zilembo zazing'ono amawatenga ngati mawu wamba. Mitengero nayonso imavutitsa mwakachetechete, chifukwa Microsoft Word imasintha mitengero yowongoka kukhala yopindika, ndipo funso limene mwalikonzera mu Word n'kulimata m'bokosi losakira likhoza kukanidwa kapena kumveka molakwika. Funso lalitali muzilikonzera mu Notepad.

Kenako pali nkhani ya chimene chimayamba kuwerengeredwa pamene AND ndi OR akumana m'funso limodzi. Tengani funso ili:

lease OR tenancy AND termination

Westlaw amayamba ndi OR, choncho amamva kuti mukufuna chikalata chokamba za kuthetsa mgwirizano chimene chilinso ndi limodzi mwa mawu awiri oyambawo, monga mmene loya wolembayo amaganizira. SharePoint imayamba ndi AND, choncho imamanga mawu awiri omalizawo pamodzi, n'kuwonjezerapo chikalata chilichonse chimene chili ndi liwu loyambalo, kaya chikukamba za kuthetsa mgwirizano kaya ayi. Mu ofesi imene imagwira kwambiri ntchito za nyumba ndi malo, zotsatira zake zikhoza kukhala pafupifupi theka la zikalata zonse. Sindiona phindu loloweza pamtima ndondomeko ya pulogalamu iliyonse, popeza mabulaketi amathetsa nkhaniyi kulikonse:

(lease OR tenancy) AND termination

Lamulo loyenera kuliika pakhoma mu ofesi ndi lakuti funso lililonse lokhala ndi AND ndi OR pamodzi likhale ndi mabulaketi, mawu ofanana tanthauzo akhale m'bulaketi imodzi olumikizidwa ndi OR, ndipo AND aime pakati pa mabulaketiwo. Mukamaliza, werengani mabulaketi otsegula ndi otseka ngati akufanana.

Mabulaketi omwewa amabweretsa vuto lina pa ntchito ya malamulo, chifukwa ndime za malamulo zimalembedwa ndi mabulaketi. Mukalemba nambala ya gawo ndi kachigawo kake m'bulaketi popanda mitengero, pulogalamu imaganiza kuti mukuunjika mawu, ndipo imakana funsolo kapena kuligawa pakati. Mipumiro, mipatuliro, nkhodolero ndi timizere tolumikiza mawu nthawi zambiri zimatengedwa ngati mipata polemba index. N'chifukwa chake gawo 57 la Employment Act, limene limanena kuti wolemba ntchito akhale ndi chifukwa chomveka pochotsa munthu, muyenera kulisaka m'kalembedwe kake konse: pena limalembedwa section 57, pena s. 57, pena s57 mophatikiza, ndipo lomalizali kwa kompyuta ndi liwu lina ndithu. Manambala a milandu ndi ndalama ali chimodzimodzi, pakuti K1,500,000 ndi MK1.5 million ndi ndalama imodzi kwa munthu koma osati kwa index.

Palinso timawu timene mapulogalamu ena amatidumpha dala poti timapezeka paliponse, monga the ndi of. Mu dtSearch, mawu otsatizana amene ali ndi kaliwu kotere pakati amatuluka ngakhale pamalo pa kaliwuko pataima liwu lina lililonse. Izi sizivuta mpaka mutazindikira kuti mindandanda ina ya timawuti ili ndi not, may ndi must, mawu amene m'malamulo amasiyanitsa wolakwa ndi wosalakwa, komanso chololedwa ndi chokakamizidwa. Pemphani kuona mndandanda umene ofesi yanu ikugwiritsa ntchito, podziwa kuti kuusintha kumafuna kuti index imangidwenso.

Zotsatira zikachuluka kapena kuchepa mopitirira

Zikalata zikatuluka zambiri, munthu amathamangira kwa NOT, ndipo ndikuchenjeza kuti pa mawu onse atatu uyu ndiye woopsa. NOT ali ngati kupeta mpunga pamphepo yamkuntho, mankhusu amapita limodzi ndi mpunga womwe. Mukachotsa liwu lakuti draft, kutanthauza kope losamalizidwa, pofuna kutsala ndi migwirizano yosainidwa yokha, mwachotsanso mgwirizano wosainidwa umene m'ndime ina umanena kuti walowa m'malo mwa draft ya mwezi watha, komanso imelo iliyonse imene inatumiza mgwirizanowo n'kutchula liwulo kamodzi. Ngati n'kotheka, chepetsani zotsatira pogwiritsa ntchito mtundu wa chikalata, kasitomala, wolemba kapena masiku. Ngati NOT sangapeweke, aikidwe kumapeto kwa funso, ndipo musanamukhulupirire musake funso lomwelo mutaika AND pamalo pake, kuti muone ndi maso zimene akufuna kutaya.

Njira yabwino yochepetsera ndi kufuna kuti mawu ayandikane. AND amakhutira ngakhale liwu limodzi lili patsamba 2 ndipo lina patsamba 80 la mgwirizano womwewo. Pulogalamu iliyonse ili ndi kalembedwe kake kouza kuti mawu asatalikirane: mu dtSearch ndi Lexis (pulogalamu inanso yosakira zigamulo ndi malamulo) mumalemba w/10, mu Westlaw /10, kapena /s pofuna chiganizo chimodzi ndi /p pofuna ndime imodzi, pamene mu SharePoint mumalemba NEAR, amene mukapanda kumupatsa nambala amalola mawu 8 pakati. Yambani ndi mpata waukulu monga mawu 25, muzichepetsa pang'onopang'ono mukuona kuti chikalata chanu chodziwika chija chikadalipo, pakuti chiganizo cha loya chimatha kulekanitsa mawu ogwirizana ndi mizere itatu.

Zotsatira zikachepa, kanyenyezi kamathandiza kugwira mawu onse oyamba mofanana, moti dismiss* amagwira dismissed ndi dismissal pamodzi. Mukadula liwu pafupi kwambiri mwatsegula chipata, chifukwa ten* amabweretsa tenant, tender, tenure ndi nambala ten yomwe. Zizindikirozi nazonso sizifanana: Westlaw amagwiritsa ntchito mfuuliro pa ntchito imeneyi, ndipo chizindikiro cha peresenti chimene mu Westlaw chimachotsa zikalata, mu dtSearch chimapempha mawu olembedwa mofananirako.

Mawu amene olemba anagwiritsadi ntchito

Funso likhoza kulembedwa bwino koma n'kuphonya chifukwa anthu salemba mofanana. M'Malawi muno chitsanzo chooneka ndi malamulo atsopano oyendetsera milandu yosakhudza upandu ku High Court amene anayamba mu 2017, amene anabweretsa claimant pamalo pa plaintiff ndi sworn statement pamalo pa affidavit. Wosaka ndi liwu limodzi amapeza zikalata za mbali imodzi yokha ya chaka chimenecho, ndipo mlandu umene unayamba kale n'kupitirira umakhala ndi mawu onse awiri. Judgment ndi judgement, labour ndi labor, dzina lakale la kampani ndi latsopano, zonsezi zimafuna OR.

Zikalata za m'Chichewa zili ndi vuto lawolawo limene opanga mapulogalamuwa sanaliganizire, ndipo mafayilo a milandu ya malo, ya ntchito ndi ya mabanja ali ndi zambiri zotere: makalata a mafumu, mapangano a ngongole olembedwa pamudzi, mauthenga a pa WhatsApp. Kanyenyezi ka kumapeto kanakonzedwera Chingelezi, chimene chimasintha mawu kumathero, pamene aneni athu amasintha kwambiri kumayambiriro. Wodandaula analemba kuti anandichotsa, mboni inalemba kuti adamuchotsa, kalata ya abwana ikuti mwachotsedwa, ndipo chots* sagwira ngakhale limodzi mwa atatuwa. Chofunika ndi kanyenyezi mbali zonse ziwiri, *chots*, kamene dtSearch imalola ngakhale kamachedwetsa, koma SharePoint silola kanyenyezi kumayambiriro kwa liwu. Kumeneko palibe kuchitira mwina koma kulemba mitundu ya liwulo imene mukuiyembekezera n'kuilumikiza ndi OR, kapena kusaka dzina losasinthasintha limene limayenda ndi mneniyo, monga ntchito, ngongole kapena munda. Musaiwale kuti mayina nawo amasintha kumayambiriro pochulukitsa, monga mlandu ndi milandu.

Kalembedwe kathu kamawonjezera mavuto. Zilembo l ndi r zimasinthana m'zolemba za anthu, moti malipiro amalembedwanso malipilo, ndipo dzina limodzi likhoza kukhala Chirwa pachitupa ndi Chilwa pakalata ya amfumu. Mu dtSearch mfunsiro umaimira chilembo chimodzi chilichonse, choncho malipi?o amagwira onse awiri. Mawu ndi mau, chiwongoladzanja ndi chiongoladzanja, Malawi ndi Malaŵi, komanso mayina okhala ndi nkhodolero amene ena amailemba ena n'kuisiya, zonse ziyesedwe mbali ziwiri. Amene amadziwa bwino mawu oyenera si loya ayi, ndi kasitomala mwini, ndipo mphindi khumi zomufunsa kuti nkhaniyi kuntchito kwawo ankaitchula bwanji, ndi maina ati achidule amene ankapatsana, zimaposa masana onse olingalira muli nokha.

Zimene sizinatuluke

Choopsa chenicheni pa kasakidwe aka n'chakuti zolakwika zake sizioneka. Zikalata zosafunika zikatuluka mumaziona, koma zofunika zikatsala palibe chimakuuzani. Mu 1985 David Blair ndi M. E. Maron anafalitsa kafukufuku amene anachita pa zikalata pafupifupi 40,000 za mlandu wina waukulu ku America, zosungidwa mu pulogalamu ya IBM yotchedwa STAIRS. Maloya amene ankasaka ankakhulupirira kuti apeza zosachepera 75 peresenti ya zikalata zofunika, koma atawerengetsa zinapezeka kuti anapeza pafupifupi 20 peresenti yokha, makamaka chifukwa anthu ankatchula chinthu chimodzi ndi mawu osiyanasiyana amene osakawo sanawaganizire. Mu 2008, pa mlandu wa Victor Stanley ndi Creative Pipe ku Maryland, mbali imodzi inadalira kusaka ndi mawu pofuna kupatula zikalata zachinsinsi za pakati pa loya ndi kasitomala, ndipo zikalata 165 zinapulumuka n'kuperekedwa kwa otsutsana nawo. Woweruza Paul Grimm anagamula kuti chitetezo cha chinsinsicho chatayika, mwa zina chifukwa mbaliyo sinathe kuonetsa kuti inayesa kasakidwe kake kuti ione ngati kanali kodalirika.

Pachifukwa chimenechi funso lofunika lisalembedwe lonse nthawi imodzi. Yambani ndi bulaketi yoyamba yokha, mulembe chiwerengero cha zotsatira, muwonjezere yachiwiri, mulembenso, ndipo pamene chiwerengero chagwa mwadzidzidzi kapena chikalata chanu chodziwika chasowa, cholakwika chili pa chimene mwangowonjezeracho. Kumbukirani kuti kuwonjezera OR m'bulaketi sikungachepetse zotsatira, ndipo kuwonjezera AND sikungazichulukitse, kotero mukaona zosemphana ndi izi mudziwe kuti pulogalamu yamanga mawu anu mwa njira ina. Mukakhutira, tengani zikalata zingapo mwachisawawa pa zimene funso lazisiya m'mlandu womwewo, muziwerenge. Mukapezamo chofunika, onani mawu amene chagwiritsa ntchito, muwawonjezere, musakenso. Zikalata zimene pulogalamu sitha kuwerenga zipatulidwe kuti munthu aziwerenge yekha, ndipo mawu akuti chikalata kulibe asalembedwe m'kalata yopita kukhoti kapena kwa otsutsana nanu pongodalira kuti bokosi losakira silinabweze kanthu.

Zonsezi muzilembe m'fayilo ya mlandu: funso monga linalembedwera chilembo ndi chilembo, tsiku, amene anasaka, malo amene anasakamo ndi chiwerengero cha zotsatira. Mukafika poti vutolo lakukanikani ndipo mukupita kwa a IT kapena kwa ogulitsa pulogalamu, mutenge zolemba zimenezi pamodzi ndi nambala ya chikalata chimodzi chimene chili ndi liwu lofunidwalo koma sichikutuluka, ndi dzina la mnzanu mmodzi amene wayesa funso lomwelo pa akaunti yake. Ndi zimenezi iwo akhoza kuona msanga ngati chikalatacho chinalowa mu index, ngati chilolezo chanu chili bwino, kapena ngati index yonse ikufunika kumangidwanso, ntchito imene ndi bwino kuipempha Lachisanu madzulo popeza pa ofesi ya zikalata zambiri imatha kutenga maola ochuluka.